Ndili ku Salima, ndikufuna kudzawerenga nkhani pa kanema: ndiyambire pati?

Funso: Ndine mtsikana wa zaka 20, ndimakhala pa Kamuzu Road ku Salima. MSCE ndinakhoza bwino, makamaka Chingerezi ndi Chichewa. Chiyambire ubwana ndimalakalaka kudzawerenga nkhani pa wailesi yakanema. Makolo anga akuti ndichite unamwino kapena uphunzitsi, ati utolankhani ndi wa ana a m'tauni odziwana ndi mabwana. Anzanga akuti chofunika ndi nkhope yosalala ndi Chingerezi cha m'mphuno. Kodi njira yake ndi iti? Ndiyenera kusamukira ku Lilongwe kapena ku Blantyre? Nanga ntchitoyi munthu angaidalire?

Yankho:

Achemwali, ndakhala m'chipinda chokonzera nkhani nthawi yaitali ndipo ndalandira achinyamata ambiri obwera ndi khumbo ngati lanuli, choncho ndikuyankhani mosabisa. Mpando umene mumauona madzulo uja, pomwe munthu amakhala atatchena n'kunena kuti "mitu ya nkhani", si poyambira. Amene amaufika n'kukhalitsapo ndi amene anayamba watola nkhani: wayenda m'fumbi, wadikira pakhomo la ofesi ya bwanamkubwa mpaka dzuwa kupendeka, walemba nkhani mkonzi n'kuikana, iye n'kuilembanso. Yambani kufuna kukhala mtolankhani, kuwerenga nkhani kudzakupezani muli m'njira. Ndipo pa utolankhani, kukhala kwanu ku Salima ndi mwayi waukulu kuposa mmene mukuganizira.

Makolo anu musawaone ngati akukubwezani m'mbuyo. Ntchitoyi ndi yatsopano m'dziko muno. Nthawi yonse ya ulamuliro wa Dr Kamuzu Banda, Malawi analibe wailesi yakanema. MBC, yomwe inayamba mu 1964, inali ya mawu okha. Television Malawi inayamba kuulutsa pa 1 Epulo 1999, ndipo m'nthawi ya Bingu wa Mutharika inaphatikizidwa ndi MBC. Ndiye kuti bambo ndi mayi anu anakula osaonapo mnansi akudyera ntchito ya pa kanema, pamene namwino ndi mphunzitsi amawaona tsiku ndi tsiku, ndi penshoni yawo yomwe. Lero kuli MBC, Times, Zodiak, Mibawa, Luntha ya ku Balaka ndi ena, ndipo dikoda ya Kiliye Kiliye inathandiza kuti makanema a kuno kwathu azifika m'nyumba zambiri. Chimene sichinasinthe n'chakuti ambiri mwa iwo malikulu awo ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe, makamera ndi owerengeka, galimoto n'zochepa, mafuta ndi ovuta. Chikachitika chinthu ku Chipoka kapena ku Dwangwa, mkonzi amayamba wagwira foni kufunafuna munthu amene ali komweko kale.

Taonani zimene zili pakhomo panu. Ku Nanjoka kuli malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 omwe anatsegulidwa mu 2021. Kuli kampani ya shuga ya Salima Sugar, kuli Malawi Mangoes, kuli sukulu ya asilikali ya MAFCO, kuli doko la Chipoka, kuli ntchito yokoka madzi a m'nyanja kupita ku Lilongwe yomwe yakhala pakamwa pa anthu kwa zaka. Mu 2024 nyanja inakwera mpaka kulowa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za anthu m'mbali mwa gombe, ndipo kumapeto kwa Febuluwale chaka chomwecho madzi anasefukira ku Dwangwa, anthu masauzande n'kusowa pokhala, msewu wa M5 n'kuduka. Tsiku ngati limenelo mtolankhani wa ku Lilongwe, ngakhale akhale katswiri chotani, amayamba wafika kaye. Wa m'boma momwemo amakhala atajambula kale madzi asanaphwe, akudziwa mfumu ya mudziwo, akudziwa njira yolambalala mlatho. Wailesi yakanema imakumbukira munthu amene anaipulumutsa tsiku lotero.

Palinso nkhani zimene wa m'tauni sangazione n'komwe. Pa chilumba cha Mbenje, Mfumu Makanjira ndi anthu ake amatseka usodzi mu Disembala n'kutsegula mu Epulo, mwambo umene akhala akuusunga kwa zaka zambiri, ndi malamulo ake okhwima: mowa ayi, juga ayi, ndipo akazi sapita pachilumbapo. Inuyo, pokhala mkazi, simudzakwera bwato lopita kumeneko, ndipo musadzayese kukakamira. Koma amayi ogula utaka amene amadikira kugombe, amene amadziwa mtengo wa nsomba chaka ndi chaka ndiponso zimene amakumana nazo pogula, adzamasuka kwa inu kuposa kwa mwamuna wa kamera wochokera kutali. Nkhani yeniyeni nthawi zambiri imakhala kwa iwowo.

Ndikuonetseni mmene tsiku la mtolankhani wokhala m'boma ngati la Salima limakhalira, chifukwa ndi pamene mungadziyeze ngati ntchitoyi ndi yanu. Tiyerekeze ndi mwezi wa Julayi, mwera ukuomba. M'mamawa mwaona pa gulu la WhatsApp wina walemba kuti bwato la asodzi a usipa latembenuka ku Senga Bay, anthu khumi amira. Chala chidzakuyabwani kuti mutumize msanga. Musatero. Kwerani kabaza mupite. Mukafika, funsani wapampando wa komiti ya pagombe, funsani mwini bwato kuti munakwera anthu angati, funsani amene apulumuka ngati angathe kulankhula. Imbirani mneneri wa apolisi ndi mneneri wa chipatala cha boma. Mudzapeza kuti manambala akusiyana: uyu akuti asanu, uyo akuti anayi. Simusankha nambala yaikulu chifukwa ndi yogwedeza mtima. Mumanena nambala imene yatsimikizika, n'kutchula amene waitsimikiza. Mayina a osowawo simuwatchula mpaka mutadziwa kuti abale awo auzidwa. Mayi asamve pa kanema kuti mwana wake wamira.

Kenako kujambula. Foni muigwire chopingasa, osati choimirira, pokhapokha ngati mkonzi wanena kuti n'za pa Facebook. Dzuwa likhale kumbuyo kwanu kuti nkhope ya wolankhulayo ioneke. Jambulani gombe lonse muli patali, kenako mabwato amene akupita kukasaka, kenako zapafupi: nyali za usipa zili pamchenga, manja akukoka chingwe. Chithunzi chilichonse muchigwire osagwedera kwa masekondi ngati khumi, musamayendetse foni uku ndi uku ngati mukusaka chinthu. Chimene chimagwetsa oyamba kumene si chithunzi ayi, ndi mawu. Mwera ukalowa m'maikolofoni palibe chimene mkonzi angachite. Nkhani yabwino imatayidwa chifukwa sikumveka. Gulani kamaikolofoni kopanira pakolala, kavekeni kachipewa kake ka siponji, ndipo wolankhulayo mumuimike kuseri kwa bwato kapena kwa khoma, mphepo ikuchokera kumsana kwake. Mukaona mayi akulira pamchenga, musamusomeke foni kumaso n'kumufunsa kuti "mukumva bwanji". Jambulani patali, ndipo ngati pali wachibale amene wadekha, mupempheni iyeyo.

Tsopano kulemba. Nkhani ya pa kanema nthawi zambiri imatenga mphindi imodzi ndi theka kapena ziwiri, ndipo mawu a Chichewa ndi aatali, choncho mumakhala ndi ziganizo zochepa zedi. Mawu otsegulira, amene wowerenga nkhani adzanene ali mu situdiyo, angakhale otere: "Asodzi anayi akusowa pa nyanja ya Malawi, bwato lawo litatembenuka ndi mwera usiku wathawu kufupi ndi Senga Bay m'boma la Salima. Apolisi ati anzawo awiri apulumuka ndipo akulandira thandizo kuchipatala." Mwaona kuti mulibe "zomvetsa chisoni kwambiri" kapena "anthu agwidwa ndi mantha". Chisoni woonera achiona yekha pa zithunzi. Zimene chithunzi chikuonetsa simuzibwerezanso ndi pakamwa. Pakamwa mumanena zimene kamera singaonetse, monga nthawi imene ananyamuka ndi amene akutsogolera kusakako. Pamapeto mumaima pamaso pa kamera kwa masekondi ochepa, n'kutseka ndi dzina lanu ndi malo. Potumiza pa WhatsApp, tumizani ngati dokyumenti kuti zithunzi zisafooke, ndipo bandulo ndi batire yapadera zikhale zokonzeka nthawi zonse, chifukwa magetsi sadziwa kuti muli ndi nkhani ya madzulo.

Wotola nkhani wamba amathera pamenepo. Mtolankhani weniweni amabwereranso mawa lake, ndi mkuja. Amafunsa ngati chenjezo la mwera limene nthambi yoona zanyengo imatulutsa limawafika asodzi, ndipo limawafika m'chinenero chanji. Amafunsa chifukwa chake m'mabwato mulibe zovala zoyandamitsa, ndi amene ayenera kuonetsetsa kuti zilimo. Amapita kwa mkazi wamasiye patatha mwezi. Akonzi amazindikira msanga munthu wotere, ndipo ndi amene amamuitana kulikulu pakapezeka malo.

Za Chingerezi cha m'mphuno, anzanuwo akukusocheretsani. Chofunika n'chakuti agogo ali ku Khombedza ndi mphunzitsi ali ku Mzuzu akumveni bwinobwino. Munthu wokakamiza kalankhulidwe ka ku London amameza mawu, ndipo woonera amayamba kumvetsera kakamwa m'malo mwa nkhani. Lankhulani Chingerezi cholondola, chomveka, cha Mmalawi wophunzira. Koma chuma chanu chenicheni ndi Chichewa, ndipo ndikunena izi ndi mtima wonse chifukwa anthu odziwa kulemba nkhani m'Chichewa chabwino ndi ochepa kuposa odziwa Chingerezi. Zikalata za boma, za makhothi ndi za mabanki zimabwera m'Chingerezi, ndipo wina amayenera kuzisandutsa mawu amene munthu wogulitsa tomato angawagwiritse ntchito. Mu Novembala 2023 banki yaikulu ya Reserve inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Kungonena choncho sikunali kokwanira. Wowerenga nkhani wabwino anayenera kufotokoza kuti dola imodzi tsopano ifuna makwacha ambiri, ndipo chifukwa feteleza, mafuta a injini ya bwato ndi mankhwala timagula kunja, mitengo yake ikwera. Kumbukiraninso 3 Febuluwale 2020, pamene oweruza asanu anawerenga chigamulo chothetsa chisankho cha pulezidenti cha 2019 pafupifupi tsiku lonse, anthu atazungulira mawailesi m'misika ndi m'mashopu. Amene anatha kufotokoza mfundo za malamulo zija m'Chichewa chomveka anadziwika dziko lonse. Ngati mumamvanso Chiyao, chimene chimalankhulidwa kwambiri m'mbali mwa nyanja kwanuko, chisamaleni. Chidzakutsegulirani makomo amene ena adzawapeza otseka.

Zoyeserera zake n'zosafuna ndalama. Tengani nyuzipepala, The Nation kapena The Daily Times, ndi masamba a Chichewa monga Tamvani ndi Tikambe. Sankhani nkhani imodzi, muifupikitse ikhale ziganizo zisanu, muiwerenge mokweza mukudzijambula pa foni, kenako mudzimvetsere. Mudzamva pamene mpweya ukukutherani, pamene mukuthamanga, pamene mukuimba m'malo molankhula. Tembenuzani ya Chingerezi ikhale ya Chichewa, ya Chichewa ikhale ya Chingerezi. Phunzirani kutchula mayina: Malengachanzi, Kuluunda, Kyungu, M'mbelwa, ndi a kunja omwe. Munthu akalakwitsidwa dzina pa kanema saiwala, ndipo anthu a kwawo amasiya kukukhulupirirani pa zina zonse.

Nkhope nayo ndiinene, poti mwaifunsa. N'zoona kuti kanema ndi wa maso, ndipo ukhondo ndi kavalidwe kodzilemekeza n'zofunika. Nsalu za timizere ting'onoting'ono zimanyezimira pa kamera, ndolo zazikulu zimagunda maikolofoni, ndipo mu situdiyo ya khoma lobiriwira simuvala zobiriwira. Zimenezi munthu amaphunzira sabata imodzi. Koma ndikupempheni, musadzole mafuta oyeretsa khungu poganiza kuti ndiye chiphaso cha pa kanema. Amawononga khungu, ndipo sadzakuthandizani tsiku limene zinthu zidzasokonekera mu situdiyo.

Tsiku limenelo limabwera ndithu. Wowerenga nkhani amafika maola angapo nthawi isanakwane, amawerenga nkhani iliyonse, amafunsa mkonzi pamene sakumvetsa, amakonza ziganizo zopunthwitsa lilime. Ali pampando, m'khutu muli kachipangizo kamene wotsogolera pulogalamu akulankhuliramo: masekondi khumi, chithunzi cha ku Karonga sichinafike, dumphani mupite ku nkhani yachitatu. Iye akumva zonsezo kwinaku akuwerenga, nkhope osasintha. Autocue, galasi la pa kamera limene mawu amayendapo, limatha kuima pakati pa chiganizo, n'chifukwa chake mapepala amakhala patebulo ndipo chala chimatsatira. Ndiye pali masiku ngati 10 ndi 11 Juni 2024, pamene ndege imene inanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko Saulos Chilima inasowa pa ulendo wa ku Mzuzu, n'kupezeka mawa lake m'nkhalango ya Chikangawa, iye ndi anthu ena asanu ndi atatu atamwalira. Owerenga nkhani anakhala pa kanema maola ambiri popanda cholembedwa, pa Facebook mphekesera zikuwira. Ntchito yawo inali kunena chimene chatsimikizika, kutchula amene wachinena, kukana kubwereza zongomva, ndi kuugwira mtima pamene iwo omwe anali ndi chisoni. Munthu amene sanatolepo nkhani sangathe zimenezi, chifukwa sadziwa kulekanitsa chimene gwero lanena ndi chimene anthu akungoganiza.

Kufunsa mafunso nakonso kumachokera komweko. Anthu amakumbukira Brian Banda pa Straight Talk ya Capital FM, kapena pulogalamu ya Tiuzeni Zoona pa Zodiak, n'kumaganiza kuti luso lake ndi ukali. Luso lake ndi kukonzekera ndi kumvetsera. Mukamafunsa phungu za mlatho umene sunathe, mukhale mutadziwa chaka chimene unayamba, ndalama zimene khonsolo inavomereza, ndi zimene iye ananena chaka chatha. Akazemba, mubwereze funsolo mwaulemu. Oyamba kumene amakhala akuyang'ana funso lotsatira papepala, mlendo n'kuulula chinthu chachikulu iwo osachimva.

Muona kuti mayina ambiri a pa kanema anayambira pa wailesi ya mawu. Gospel Kazako anali muulutsi ku MBC asanayambitse Zodiak mu 2005. Njira imeneyi ikadali yotseguka, ndipo kwa inu ili pafupi: ku Salima kuli wailesi ya Chisomo, ndipo ku Nkhotakota kuli wailesi ya m'dera imene yakhala ikuulutsa kuyambira 2003. Pitani mukadzipereke. Adzakutumani ku msonkhano wa khonsolo, ku bwalo la majisitireti, ku mpira wa m'ma sukulu. Malipiro mwina sipadzakhala, koma mudzaphunzira kusunga nthawi, kulankhula pompopompo, ndi kupirira kudzudzulidwa ndi anthu amene mawa mudzakumana nawo pamsika. Dziwananinso ndi ofesi yofalitsa nkhani ya m'boma lanu, imene imatumiza nkhani ku Malawi News Agency. Ophunzira ambiri amaphunzirira ntchito kumeneko.

Sukulu ndi yofunika, musainyalanyaze. Malawi Institute of Journalism imaphunzitsa satifiketi ndi dipuloma ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ndipo ili ndi wailesi yakeyake. MUBAS, yomwe kale inali Polytechnic, ili ndi digiri ya utolankhani. Ku University of Malawi ku Zomba ndi ku African Bible College ku Lilongwe kulinso maphunziro a zofalitsa nkhani. Musanalipire fizi kulikonse, fufuzani ngati sukuluyo ndi maphunzirowo n'zovomerezeka ndi bungwe la NCHE, loyang'anira sukulu za ukachenjede, ndipo funsani ngati ophunzira amagwira kamera ndi kompyuta yodulira zithunzi kapena amangolemba manotsi. Ngati mapointi anu akulola digiri, tengani digiri, chifukwa pokwezedwa pantchito imafunsidwa. Ngati ndalama zili zochepa, dipuloma ku Lilongwe, tchuthi chilichonse n'kumabwerera ku wailesi ya kwanu, ndi njira yabwino ndithu. Kusamuka kwanu kukhale kwa sukulu. Kupita m'tauni wopanda pepala ndi wopanda nkhani zoonetsa, kumangoyendayenda m'mageti a mawailesi, n'kumene kumaika atsikana m'manja mwa anthu oipa.

Pamenepa ndilankhule ngati mkulu wanu. Mudzakumana ndi amuna, ena m'maofesi a nkhani momwemo, ena andale ndi akuluakulu amene mukuwafunsa mafunso, amene adzakuuzeni kuti angakuikeni pa kanema kapena kukupatsani nkhani yaikulu mukakumana nawo ku malo ogona alendo madzulo. Kanani, sungani mauthenga awo, ndipo uzani mtolankhani wamkazi wamkulu amene mumamukhulupirira. Kuli bungwe la amayi atolankhani la AWOME, kulinso MISA Malawi, bungwe loteteza ufulu wa atolankhani. Lowani msanga, musadikire vuto. Mukadzayamba kuoneka pa kanema, pa Facebook adzakamba za tsitsi lanu, thupi lanu ndi banja lanu kuposa nkhani imene mwawerenga. Zimapweteka, ndipo ndaona atsikana aluso akusiya ntchito chifukwa cha zimenezi. Khalani ndi anthu awiri kapena atatu odziwa ntchito amene ndemanga zawo mumazimvera, enawo muwasiye.

Malamulo muwadziwe musanagwire maikolofoni. Gawo 36 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza ufulu wa atolankhani, ndipo lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Mungalembe kalata ku khonsolo kupempha zikalata za ntchito ya chitukuko. Koma ufuluwo uli ndi malire. Munthu amene wamangidwa ndi woganiziridwa mpaka khothi litamupeza wolakwa. Mukamutcha wakuba, akhoza kukusumirani inu pamodzi ndi wailesi yanu. Mwana amene wagwiriridwa kapena amene ali pa mlandu simumuonetsa nkhope, simutchula dzina lake, ngakhale la sukulu kapena la kholo limene lingachititse anthu kumuzindikira. M'mudzi waung'ono kungotchula mudzi ndi kalasi n'kumuulula kale. Lamulo la 2016 loona za pa intaneti lagwiritsidwapo ntchito pomanga anthu chifukwa cha zolemba zawo, choncho zimene mumalemba pa tsamba lanu muzizitenga ngati mwaziulutsa. Werengani ndondomeko ya khalidwe la atolankhani ya Media Council of Malawi.

Dziwaninso kuti wailesi iliyonse ili ndi mwini wake, ndipo mwiniyo ali ndi zofuna zake. Bingu wa Mutharika atamwalira pa 5 Epulo 2012, dziko linakhala masiku awiri boma lisanalengeze, ndipo usiku wa pa 6 Epulo nduna zina zinaonekera pa kanema wa boma kunena kuti Joyce Banda sangatenge utsogoleri. Pa zionetsero za 20 Julayi 2011 atolankhani anamenyedwa, ndipo mawailesi analetsedwa kuulutsa pompopompo. Masiku otero amafika kwa aliyense wogwira ntchitoyi, kaya ku wailesi ya boma, ya mpingo kapena ya munthu wabizinesi: mudzapatsidwa pepala limene mukudziwa kuti silikunena zoona, ndipo nkhope imene anthu adzaikumbukire ndi yanu, osati ya amene analilemba. Simungapambane nkhondo iliyonse, koma mukhoza kufunsa mkonzi kuti "izi wanena ndani", n'kupempha kuti dzina la wonenayo lilowe m'nkhanimo.

Za ndalama, makolo anu akunena zoona pang'ono. Malipiro oyambira ndi ochepa, ophunzira ntchito ambiri salandira kanthu, ndipo mtolankhani wa m'boma nthawi zambiri amalipidwa pa nkhani imene yaulutsidwa, ina n'kumachedwa miyezi. Kutchuka kumafika msanga kuposa ndalama: anthu adzakulozani mu minibasi muli ndi ya thiransipoti yokha. N'chifukwa chake chipondamthengo chinazika mizu. Mukapita ku msonkhano wa bungwe kapena wa wandale, pamapeto pamakhala pepala losainira ndi envulopu. Ena adzakuuzani kuti ndi ya mayendedwe chabe, aliyense amalandira. Vuto lake mudzaliona tsiku limene bungwe lomwelo lidzasowetsa ndalama za mijigo, inu n'kupeza kuti pakamwa palemera. Ku boma laling'ono ngati Salima, kumene magwero a nkhani ndi anthu omwewomwewo chaka chonse, mbiri yoti uyu amagulika imafala msanga ndipo sichoka. Ine ndimalangiza kuti mukhale ndi kena kopezera ndalama kosakhudzana ndi anthu amene mumawalemba: kujambula maukwati, kutanthauzira zikalata, kuwerenga mawu a malonda ngati wailesi yanu ikulola. Amene amapirira amakwera, amakhala akonzi, ena amatumizira nkhani mawailesi a kunja, ena amapita kukakhala aneneri a mabungwe ndi makampani kumene malipiro ndi abwinopo. Munthu angaidalire ntchitoyi, koma zaka zoyamba n'zowawa.

Unamwino kapena uphunzitsi umene makolo akunena si mdani wa khumbo lanu. M'nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023, imene inavuta kwambiri m'maboma a m'mbali mwa nyanja, mtolankhani womvetsa za umoyo anali wosowa ndi wofunika. Koma musalowe sukulu ya unamwino ngati mtima wanu suli kwa odwala. Mudzatenga malo a wina, ndipo odwala adzazindikira. Khalani pansi ndi bambo ndi mayi, muwapemphe chaka chimodzi choti mudziyese pa wailesi ya m'dera kwinaku mukulembera sukulu. Akakumvani pa wailesi mukufotokoza bwino nkhani ya mtengo wa chimanga pa msika wa kwanu, kukambirana kwake kudzakhala kwina.

M'chaka chimenecho konzani nkhani zitatu za pa kanema, iliyonse yosapitirira mphindi ziwiri: imodzi ya m'Chichewa, imodzi ya m'Chingerezi, ndi imodzi imene mukufunsa munthu waudindo mafunso. Zikhale za ku Salima, zojambula ndi kulemba nokha, mawu ake omveka bwino. Muzitumize kwa mkonzi wa nkhani, osati kwa wowerenga nkhani wotchuka, ndi kalata yaifupi yonena kumene muli, zinenero zimene mumalankhula, ndi kuti mungathe kufika ku Chipoka, ku Senga Bay ndi ku Nkhotakota tsiku lomwelo. Akapanda kuyankha, tumizani nkhani ina ikachitika, nthawi ya nkhani za madzulo isanakwane. Akadzavomera kuti muziwatumizira, funsani poyamba pomwe kuti nkhani imodzi amalipira zingati, amalipira liti, ndipo mayendedwe ndi bandulo alipira ndani, ndipo mupemphe kuti zimenezo azilembe.